Envulopu Yofiira, Manachesi ndi Tiyi: Mmene Anthu a ku China Amapatsirana Mphatso

Amalonda amene amakaoda katundu ku Guangzhou kapena ku Yiwu amadziwa kuti pali nyengo ina pa chaka imene ngakhale utafumbata ndalama zochuluka bwanji, wokugulitsa kanthu sungamupeze. Chakumapeto kwa Januwale kapena mkati mwa Febuluwale mafakitale amaima, mashopu opikulitsa amakhomedwa, ndipo anthu amene masiku onse amayankha foni usana ndi usiku amangoti zii. Kontena imene sinanyamuke nyengoyi isanafike imadikira milungu ingapo. Eni ake amakhala atapita kumudzi kukadya Chunjie, chikondwerero cholowera chaka chatsopano potsata kalendala yakale ya dzikolo, imene imawerenga miyezi poyang'ana mwezi kumwamba. N'chifukwa chake tsiku lake limasinthasintha, ngakhale kuti silituluka pakati pa 21 Januwale ndi 20 Febuluwale. Mu 2024 linagwa pa 10 Febuluwale, mu 2025 pa 29 Januwale, ndipo la 2026 ndi 17 Febuluwale.

Ulendo wopita kumudziwo uli ndi dzina lakelake, chunyun, ndipo boma limauwerengera masiku 40. Mu 2024 akuluakulu oona za maulendo anati pa masiku amenewa panachitika maulendo oposa 8 biliyoni, kuphatikiza a anthu oyenda pa galimoto zawo. Ambiri mwa odzaza masiteshoni a sitima ndi anthu ochokera m'midzi amene amagwira ntchito kutali ndi kwawo, m'mafakitale ndi pa zomangamanga. Anthu otere alipo mamiliyoni ambirimbiri, ndipo ena anasiya ana m'manja mwa agogo ndipo amawaona kamodzi kokha pa chaka. Palibe amene amakwera sitimayo chimanjamanja. Wina wanyamula katoni ya malalanje, wina mabotolo a mowa woyera wa bambo ake, wina nsapato za mwana zimene wagula mochita kuyerekeza chifukwa sakudziwa kuti phazi lakula kufika pati.

Ndayambira pa ulendowu chifukwa anthu akunja akamakamba za mphatso za ku China amathamangira ku zinthu: nyali zofiira, timbale tojambulidwa maluwa, nsalu za silika. Zinthuzo zilipodi ndipo n'zokongola. Koma kwa eni mwambo chinthu chimabwera pambuyo. Choyamba ndi funso lakuti ndani akupatsa ndani, pa nyengo iti, ndipo mphatsoyo ikunena chiyani ikafika m'manja mwa wolandira. Amene wamvetsa zimenezi akhoza kusangalatsa mnzake wa ku China ndi manachesi a pamsika. Amene sanamvetse akhoza kumukhumudwitsa ndi wotchi yodula kwambiri.

Chikondwererochi chimayamba chaka chisanathe. Pa tsiku la 23 kapena la 24 la mwezi womaliza, mabanja otsata mwambo amatsanzikana ndi Zao Jun, mulungu wa kukhitchini, amene amakhulupirira kuti amakwera kumwamba kukanena mmene banjalo lakhalira chaka chonse. Amamuikira maswiti omata kuti akalankhule zokoma zokhazokha. Kenako nyumba imasesedwa ndi kukolopedwa paliponse, ngongole zimabwezedwa, tsitsi limametedwa, chifukwa chaka chikangolowa tsache limapumula: kusesa pa tsiku loyamba amati n'kusesera kunja mwayi. Mbali ziwiri za chitseko amamatako mapepala ofiira aataliatali olembedwa mawu a mafuno abwino, ndipo pakati amaika chilembo chotchedwa fu, chotanthauza dalitso. Ambiri amachimata chozondoka dala, popeza m'Chitchaina mawu akuti "kuzondoka" ndi akuti "kufika" amamveka chimodzimodzi. Mlendo akati dalitso lazondoka, makutu amamva kuti dalitso lafika.

Kuseweretsa mamvekedwe a mawu kotereku ndiko kumalamulira pafupifupi chilichonse pa nyengoyi, ndipo kumachokera m'chilankhulo chenichenicho. Chitchaina chili ndi mawu ambirimbiri ofanana katchulidwe koma osiyana tanthauzo, choncho chinthu chilichonse chimanyamula mthunzi wa mawu ena. Pa chakudya chachikulu cha usiku wotsiriza wa chaka sipalephera nsomba yathunthu, mutu ndi mchira zili pomwepo, chifukwa dzina la nsomba, yu, limamveka ngati mawu otanthauza zotsala kapena zosefukira. Mabanja ambiri saimaliza nsombayo, amasiyako ya mawa kuti chaka chatsopano chipeze chakudya m'nyumba. Kumpoto kwa dzikolo, kumene amalima tirigu, banja lonse limakhala pansi n'kumakulunga jiaozi, timitanda ta ufa toikamo nyama yogayagaya ndi masamba, topindidwa mofanana ndi zibuma za siliva zimene kale zinali ndalama. Kummwera, kwa alimi a mpunga, amakonda niangao, chigumu chomata cha ufa wa mpunga chimene dzina lake limamveka ngati "chaka chokwera". Akatha kudya ambiri amaonera pulogalamu ya zisangalalo ya pa wailesi yakanema ya boma, CCTV, imene yakhala ikuulutsidwa usiku umenewu kuyambira mu 1983. Pakati pa usiku makombola amalira kumene malamulo akulola, pakuti mizinda ikuluikulu ngati Beijing inawaletsa chifukwa cha utsi ndi ngozi za moto. Nthano imati chilombo chotchedwa Nian chinkabwera kudzagwira anthu kumapeto kwa chaka, ndipo chinkaopa phokoso, moto ndi mtundu wofiira.

Mphatso yaikulu ya nyengoyi ndi hongbao, envulopu yofiira yoikamo ndalama. Ku Hong Kong ndi ku Guangdong, kumene amalankhula Chikantoni, amaitcha lai see. Taonani mmene zimakhalira m'nyumba ya kumudzi kumpoto. Agogo akhala pampando, avala chovala chatsopano. Adzukulu amabwera mmodzimmodzi, kuyambira wamkulu, n'kuwerama kapena kugwada mpaka chipumi kufika pansi, n'kunena mawu owafunira moyo wautali. Agogo amapisa m'thumba n'kutulutsa kaenvulopu kakang'ono, kotalika ngati chikhatho, kolembedwa ndi utoto wagolide. Mwana amalandira ndi manja awiri, amathokoza, ndipo satsegula pomwepo. Usiku ena amakaika pansi pa pilo. Ndalama yopatsa anayi imatchedwa yasuiqian, ndipo poyamba cholinga chake chinali kuteteza mwana ku mizimu yoipa m'chaka chimene chikubwera. M'nthawi ya mafumu a Ming ndi Qing zinali ndalama zachitsulo zoboola pakati, zotungidwa pa chingwe chofiira. Envulopu yapepala inabwera pambuyo.

Ndalama ya mu envulopuyi imayenda motsata msinkhu. Imatsika kuchokera kwa akulu kupita kwa ana, ndipo mwana akayamba ntchito imabwerera m'mwamba, iye n'kumapatsa makolo ndi agogo. Kwa olankhula Chikantoni malire ake ndi ukwati: wokwatira kapena wokwatiwa amapatsa amene sanalowe m'banja, ngakhale wolandirayo ali ndi imvi. Kumeneko amapatsanso alonda a panyumba, operekera zakudya m'malesitilanti ndi antchito a muofesi tsiku loyamba kubwerera ku ntchito. Popeza opatsidwa ndi ambiri, ndalama zake zimakhala zochepa, mwina 10 kapena 20 yuan basi, ndipo palibe amene amaona chachilendo. M'zigawo zina za kugombe, monga Fujian ndi Zhejiang, envulopu imodzi imatha kunyamula mazana kapena masauzande a yuan, moti anthu a kumeneko amadandaula poyera kuti mwambowu wasanduka mpikisano. Kwa ine a ku Guangdong ndi amene anasunga mtima wa mwambowu. Envulopu yopepuka imafika kwa anthu ambiri ndipo sichititsa munthu wosauka manyazi olowa m'nyumba ya m'bale wake.

Ndalama zoika mu envulopu zikhale zatsopano, zosakwinyika. Ku Hong Kong anthu amafola pa mabanki milungu ingapo chaka chisanathe kuti asinthitse ndalama zakale. Nambala nayo imalankhula. Ya 4 imapewedwa chifukwa imamveka ngati "imfa", moti nyumba zina zosanja zilibe nsanjika yolembedwa 4 kapena 14. Ya 8 imakondedwa chifukwa imamveka ngati "kulemera", ndipo ya 6 amati imasalaza njira. Sizinangochitika mwangozi kuti masewera a Olympics a ku Beijing anatsegulidwa pa 8 Ogasiti 2008 nthawi ya 8 koloko usiku. Pa chisangalalo amakonda manambala ogawika pawiri, pamene ndalama ya pamaliro imaikidwa mu envulopu yoyera ndipo kawirikawiri imakhala nambala yosagawika pawiri. Wopereka ndalama ya chaka chatsopano mu envulopu yoyera ya ku positi ofesi ndiye kuti wapereka chipepeso pamene palibe maliro.

Mu Januwale 2014 kampani ya Tencent inalowetsa hongbao mu WeChat, pulogalamu ya pafoni imene pafupifupi aliyense ku China amagwiritsa ntchito. Munthu amaponya ndalama m'gulu la abale kapena anzake, makina n'kuigawa mwachisawawa, wina kupeza zambiri wina tochepa, ndipo aliyense amathamangira kudina asanamalize anzake. Envulopu imodzi yopita kwa munthu mmodzi sipitirira 200 yuan pa masiku wamba. Chaka chotsatira, atagwirizana ndi pulogalamu ya CCTV ija, maenvulopu a pafoni oposa 1 biliyoni anatumizidwa usiku umodzi, ndipo anthu ambiri amene sanalumikizepo foni yawo ku banki anatero usiku umenewo. Mwambo wa agogo unathandiza kusandutsa China dziko lolipira chilichonse pafoni. Komabe amene angathe kufika kumudzi amanyamula envulopu yapepala. Ya pafoni ndi yosewera ndi anzako, koma agogo sungawaweramire pa foni.

Tibwere ku zinthu zimene siziperekedwa, chifukwa apa m'pamene alendo amapunthwa. Wotchi, makamaka yapakhoma, ndiyo yoyamba. Mawu akuti "kupereka wotchi", song zhong, amamveka chimodzimodzi ndi mawu onena za kuperekeza munthu pa imfa yake. Mu Januwale 2015 Susan Kramer, amene anali nduna m'unduna wa zamtengatenga ku Britain, anapatsa wotchi meya wa mzinda wa Taipei, Ko Wen-je. Atolankhani atamufunsa, meyayo anati mwina aipereka kwa wina kapena kuigulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Nkhaniyo inamveka dziko lonse, ndipo mbali zonse ziwiri zinapepesa. Ambulera nayo saipereka, makamaka kwa wokondedwa, popeza dzina lake limamveka ngati "kumwazikana". Pali chipatso cha kumaiko ozizira chimene iwo amachitcha li, chija m'masitolo akuluakulu amachiika pafupi ndi maapozi, chosiyana ndi mapeyala athu a mafuta aja. Dzina lake limamveka ngati "kulekana", choncho sichipita kwa wodwala ndipo okondana sachidula pakati kuti agawane. Mpeni ndi sizasi zimadula chibale. Maluwa oyera ndi achikasu a mtundu umene amaika pamanda sangalowe m'nyumba ya chisangalalo. Chipewa chobiriwira ndiye choopsa kwa mwamuna, chifukwa kunena kuti munthu wavala chipewa chobiriwira n'kunena kuti mkazi wake akuyenda ndi wina.

Kodi anthu a ku China onse amakhulupirira zimenezi? Ayi. Achinyamata a ku Shanghai amagulirana mawotchi apamkono ndi nsapato zamasewera popanda kulingalira za maliro. Palinso njira yozembera: wolandira amapereka kandalama kachitsulo kamodzi, ndipo chinthucho chimakhala ngati wagula, osati wapatsidwa. Koma sindikuona kuti n'kwanzeru kupeputsa miyamboyi n'kumati ndi zikhulupiriro zachabe. Munthu amene wapewa wotchi posankhira mphatso nkhalamba waonetsa kuti anakhala pansi n'kuiganizira nkhalambayo, zaka zake ndi mantha ake. Ulemu wake uli pamenepo, kaya iye mwini amakhulupirira kapena ayi.

Kaperekedwe nako kali ndi dongosolo. Mphatso imaperekedwa ndi manja awiri ndipo imalandiridwa ndi manja awiri. Wolandira amayamba wakana, kamodzi, kawiri, mwina katatu, akunena kuti mwavutikiranji, sizinafunike. Wopereka amakakamira, n'kuchepetsa mphatso yake kuti ndi kanthu kakang'ono chabe. Mlendo amene amva kukana koyamba n'kubweza katundu wake m'chikwama walakwitsa kwambiri. Ikalandiridwa, mphatso imaikidwa pambali osatsegulidwa mpaka mlendo atapita. Ena amadabwa nazo, amaona ngati sanayamikiridwe, koma cholinga chake n'kuteteza onse awiri: wolandira asaoneke wadyera, ndipo wopereka asachite manyazi ngati mphatso yake ili yochepa poyerekeza ndi ya mlendo wina. Nkhope ya munthu pagulu, imene iwo amati mianzi, ndi chuma chimene amachisamala kuposa zimene zili m'bokosimo. Pepala lokulungira likhale lofiira kapena lagolide, osati loyera kapena lakuda, ndipo dzina la munthu lisalembedwe ndi inki yofiira.

Pansi pa zonsezi pali chinthu chimene amachitcha renqing, ngongole ya umunthu imene anthu amakhala nayo wina kwa mnzake. Katswiri wa chikhalidwe cha anthu Yan Yunxiang anakhala zaka zambiri m'mudzi wa Xiajia m'chigawo cha Heilongjiang, ndipo mu 1996 anatulutsa buku lotchedwa The Flow of Gifts. Anafotokoza mmene mabanja amasungira mndandanda wa mphatso: pa ukwati kapena pamaliro pamakhala munthu wolemba bwino amene amalemba dzina la aliyense wobwera ndi zimene wapereka, ndipo banja limasunga pepalalo zaka zambiri. Tsiku limene kwa mnzawoyo kudzagwe zofanana, amatsegula mndandandawo kuti adziwe chobweza. Aliyense amene anaonapo kope lolembamo chipepeso pamaliro a kwathu kuno amvetsa msanga, paja akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Kusiyana kwake n'kwakuti ku China amayesetsa kubweza mopitirirako pang'ono, ndipo sabweza tsiku lomwelo. Kubweza ndendende komanso mwachangu kuli ngati kunena kuti tathana, ndilibe nawenso mangawa. Ngongole yaing'ono yotsala ndiyo imasunga njira ya pakati pa nyumba ziwiri kuti isamere udzu.

Mwambo wokoma chonchi uli ndi mbali yake yowawa, ndipo eni ake sabisa. M'midzi yambiri mabanja amalira ndi kuchuluka kwa maphwando: ukwati, mwana wakwanitsa mwezi, nyumba yatsopano, mwana wapita ku yunivesite, gogo wakwanitsa zaka 70, ndipo paliponse pamafunika envulopu. Achinyamata ena ogwira ntchito m'tauni amaopa kupita kumudzi pa Chunjie chifukwa malipiro a mwezi wonse amathera mwa ana a abale. Choipa kwambiri n'chakuti njira imene mphatso imadutsa ndi yomwenso ziphuphu zimadutsa. Envulopu yofiira yopatsa dokotala asanachite opaleshoni, kapena botolo la mowa wodula wa Moutai lopita kwa mkulu wa boma, zimavala chovala cha mwambo pamene mkati mwake muli katangale.

Nkhani ya makeke a mwezi ikuonetsa bwino zimenezi. Chikondwerero cha pakati pa nyengo yokolola, Zhongqiu, chimachitika pa tsiku la 15 la mwezi wachisanu ndi chitatu pa kalendala yawo, mu Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala, mwezi uli wathunthu. Mabanja amasonkhana panja kuyang'ana mwezi n'kumadya yuebing. Kekeyi ndi yozungulira, yaing'ono yokwana pachikhatho koma yolemera, pamwamba pake podindidwa maluwa ndi zilembo. Ukaidula, mpeni umadutsa m'chikhungwa chopyapyala chofiirira, n'kulowa m'phala lolimba lotsekemera la njere za duwa la m'madzi, ndipo pakatikati umapeza yolki ya dzira la bakha lothira mchere, yachikasu, yozungulira ngati mwezi womwewo. Munthu mmodzi sadya yonse. Imadulidwa tizidutswa molingana ndi anthu a m'banjamo, ndipo ena amasungira kachidutswa amene ali kutali. Tiyi wopanda shuga amatsitsira kutsekemerako.

Chuma chitayamba kukwera, keke ya banjayi inasanduka chonyamulira ziphuphu. Mabokosi anayamba kupangidwa ndi matabwa odula, mkati n'kuikamo mowa, tiyi wamtengo wapatali, ngakhale golide, keke n'kungokhala chophimbira. Mu Disembala 2012 utsogoleri wa Xi Jinping unakhazikitsa malamulo asanu ndi atatu oletsa kusakaza chuma pakati pa akuluakulu a boma ndi a chipani, ndipo mu 2013 analetsa kugula makeke a mwezi ndi ndalama za boma. Malonda a mowa wodula ndi mphatso zapamwamba anatsika kwambiri zaka zimenezo. Mu 2022 boma linawonjezera kuti bokosi lililonse la makekewa lopitirira 500 yuan liziyang'aniridwa mwapadera, zokulungira zisapitirire zitatu, ndipo zisapangidwe ndi zitsulo zamtengo wapatali. Boma likafika polowerera pa bokosi la keke, ndiye kuti vutolo linali litakula. Ndimaona kuti malire ake si ovuta kuwazindikira. Mphatso yeniyeni sichita manyazi ndi anthu, ukhoza kuipereka abale ndi anzako akuona. Imene ikufuna chitseko chotseka ndiponso yankho la mawa lomwe ndi chiphuphu, ngakhale ikulungidwe ndi pepala lofiira.

Zikondwerero zina ndingozitchula mwachidule. Chunjie imatha pa tsiku la 15 ndi usiku wa nyali, pamene amadya timipira ta ufa wa mpunga m'madzi otsekemera. Kumayambiriro kwa Epulo kuli Qingming, tsiku lolambula manda, ndipo mphatso za tsikuli zimapita kwa akufa: chakudya, mowa ndi mapepala oyerekeza ndalama amene amawotchedwa. Pa tsiku lachisanu la mwezi wachisanu kuli Duanwu, tsiku la mpikisano wa mabwato, lokumbukira mlakatuli Qu Yuan amene anadziponya mumtsinje wa Miluo m'chaka cha 278 Yesu asanabadwe, ndipo anthu amapatsana zongzi, mpunga womata wokulungidwa m'masamba a nsungwi. Qingming, Duanwu ndi Zhongqiu zinakhala masiku a tchuthi a boma mu 2008. Chunjie yeniyeniyo inaonapo zovuta: mu 1967, pa nthawi ya Cultural Revolution, boma linathetsa tchuthi chake n'kuuza anthu kuti azigwira ntchito, ndipo chinabwerera patatha zaka zoposa khumi. Mu Disembala 2024 bungwe la UNESCO linailemba pa mndandanda wa miyambo yofunika kusungidwa ya anthu a dziko lonse.

Nanga munthu amene waitanidwa kunyumba ya mnzake wa ku China, kaya ndi wophunzira amene ali ku Wuhan kapena wogwira ntchito limodzi ndi Matchaina ku Lilongwe kapena ku Lusaka, anyamule chiyani? Zipatso sizilakwika. Manachesi ndi malalanje ndiwo mphatso ya chaka chatsopano, chifukwa mtundu wake ukunga golide ndipo dzina lake limayandikana ndi mawu a mwayi. Ku Singapore ndi ku Malaysia mlendo amafika ndi manachesi awiri, ndipo pochoka mwininyumba amamupatsa ena awiri. Maapozi nawo ndi abwino popeza dzina lake limayamba ngati mawu a mtendere, moti achinyamata a ku China anayambitsa mwambo wawo wopatsana apozi usiku wa pa 24 Disembala. Mtedza wa mitundumitundu, maswiti ndi zipatso zouma zimalandiridwa bwino chifukwa pa nyengoyi nyumba iliyonse imakhala ndi mbale yogawika zigawo yoikira alendo zotafuna.

Tiyi ndiye mphatso yolemekezeka koposa kwa munthu wamkulu. Pali Longjing, tiyi wobiriwira wa masamba aphwatalala wochokera ku Hangzhou, Tieguanyin wa ku Anxi m'chigawo cha Fujian, ndi Pu'er wa ku Yunnan amene amaumbidwa ngati chimbale cholemera magalamu 357, n'kukulungidwa m'pepala lofewa. Pu'er wabwino amakoma akamakalamba, choncho wolandira akhoza kumusunga zaka, akumabenthulako pang'ono pakabwera mlendo wofunika. Kumpatsa munthu tiyi wotere n'kumuuza kuti ubwenziwu ukuyembekezeka kukhalitsa. Komabe mlendo wochokera kunja asavutike kupikisana ndi eni tiyi posankha tiyi wawo. Anthu a ku China amalemekeza kwambiri chinthu chochokera kwawo kwa munthu, chimene dera lake limadziwika nacho, ndipo iwo eni akamayenda amagula zotere kuti akagawire abale. Wochokera ku Malawi ali nazo kale m'manja: tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje, khofi wa ku Mzuzu, mtedza wa makadamiya, nsalu yachitenje yowala bwino. Anyamule ziwiri m'malo mwa chimodzi, apewe zinayi, achotse kapepala ka mtengo, ndipo ngati m'nyumbamo muli ana awakonzere timaenvulopu tofiira tokhala ndi ndalama yochepa yatsopano. Mphatso isakhale yodula mopitirira, chifukwa wolandira adzasenza katundu wofuna kubweza zoposa pamenepo.

Pali mphatso ina yosangalatsa imene imayendera zaka. Kalendala yawo ili ndi nyama 12 zosinthana chaka ndi chaka: khoswe, ng'ombe, kambuku, kalulu, chinjoka cha m'nthano, njoka, hatchi, mbuzi, nyani, tambala, galu ndi nkhumba. Chaka cha 2025 ndi cha njoka, 2026 cha hatchi. Chaka cha nyama imene munthu anabadwira chikabweranso, pa zaka 12, 24, 36 ndi kupitirira, amati chimakhala chovuta kwa iyeyo, ndipo chomuteteza ndi kuvala chofiira: masokosi, lamba, kachingwe ka pamkono, ngakhale kabudula wamkati. Ambiri amati chofiiracho chimagwira bwino ntchito ukachita kupatsidwa ndi wina. Masokosi ofiira ndi otchipa, koma amauza munthu kuti pali wina amene akudziwa chaka chimene anabadwa ndipo akumudera nkhawa.

Masiku ano zokongoletsa za Chunjie zafika paliponse. Ku Mauritius tsikuli ndi tchuthi cha dziko. Ku London chikondwerero chimadzaza Trafalgar Square, ndipo ku Johannesburg anthu amasonkhana ku Cyrildene kuonera magule a mkango ndi chinjoka. Mu Disembala 2023 bungwe la United Nations linavomereza tsikuli kukhala limodzi mwa masiku amene antchito ake angasankhe kupuma. Tisaiwale kuti anthu a ku Vietnam ali ndi Tet ndipo a ku Korea ali ndi Seollal, zikondwerero zogwa nyengo yomweyo koma zokhala ndi miyambo yawoyawo, ndipo sakondwa zikamatchedwa za ku China. Makampani akuluakulu a zovala ndi zonunkhiritsa nawo amatulutsa katundu wofiira wojambulidwa nyama ya chakacho, ndipo kawirikawiri ogula a ku China amawadzudzula kuti angotola mtundu ndi chithunzi osamvetsa kanthu.

Chidzudzulo chimenechi chikukhudza aliyense amene wakopeka ndi miyamboyi. Palibe cholakwika kupachika nyali yofiira pakhonde kapena kugulira mnzako kapu yadothi ya ku Jingdezhen, kapenanso kuphunzitsa ana kudula mapepala ofiira kukhala maluwa. Koma munthu amene wakhala maola 20 m'sitima yodzaza, katoni ya malalanje ili pamiyendo, sanapirire zonsezo chifukwa cha nyali. Akufuna kukhala pa chakudya cha usiku uja, kuwerama pamaso pa makolo ake ndi kuika envulopu m'manja mwa mwana wake. Pa tsiku lachiwiri la chaka, mwana wamkazi wokwatiwa amabwerera kwa makolo ake pamodzi ndi mwamuna wake ndi ana, atanyamula mphatso ziwiriziwiri, ndipo masiku otsatira amathera poyendera azakhali, amalume, aphunzitsi akale ndi oyandikana nawo, khomo ndi khomo. Ngati muli ndi mnzanu wa ku China amene chaka chino sapita kwawo, funsani tsiku limene Chunjie ikugwa, mugule manachesi abwino, ndipo mupite nokha mukamuone madzulo a tsiku lomaliza la chaka chawo.